Pikapu yakale ikhoza kudzuka, koma shafti imafuna muyeso

Pano pa Ulongwe, mukazungulira kuseli kwa nyumba zina mupeza galimoto itakhala pa miyala. Matayala anaphwa kalekale. Nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Mukafunsa mwini wake amayankha kuti, "Imeneyi idzayendanso, tingokolola kaye."

Nthawi zambiri sakunama. Pikapu yakale imadzuka ndithu. Injini imakonzeka, mabuleki amakonzeka, penti imapakidwa. Koma pali citsulo cimodzi cimene anthu amacipeputsa cifukwa cimakhala pansi, posaoneka. Ndi citsulo cacitali cokhala ngati paipi, cimene cimapereka mphamvu ku mawilo a kumbuyo. Ambiri amati shafti. Anzathu a ku Malawi amati propela. Amakaniko amene anaphunzira m'Cipwitikizi amati kardani. M'nkhani ino tizingoti shafti.

Ine sindine makaniko. Nchito yanga ndi yophunzitsa aphunzitsi a sukulu za akuluakulu. Zimene ndikuuzeni pano ndinaziphunzira pamene ine ndi alamu anga tinkadzutsa Toyota Hilux yakale imene apongozi anga anasiya. Tinalakwitsa pa shafti, ndipo panatsala pang'ono kuti tilire maliro. N'cifukwa cake ndalemba nkhaniyi.

Pikapu ndi ngolo ya mlimi wa kuno

Boma lathu la Angónia ndi la ulimi. Timalima mbatatesi, cimanga, nyemba, soya, fodya ndi kabici. Msewu wa tala ulipo. Umacokera ku Mussacama, umadutsa pa Ulongwe, n'kukafika ku Calómuè, pa malire ndi Dedza. Koma minda yambiri ili kutali ndi tala. Kumbali ya Dómuè ndi ku Tsangano misewu yambiri ndi yafumbi, ya zitunda ndi zigwa. Mvula ikabwera, fumbi lija limasanduka matope.

Mlimi wopanda galimoto amagulitsira pamunda pomwepo, pa mtengo umene wogula wanena. Amene ali ndi pikapu amakafika yekha kumsika. Pikapu yomweyo imanyamula feteleza, malata, odwala, ngakhale bokosi la maliro. Siithandiza mwini yekha, imathandiza mudzi wonse.

Galimoto yatsopano ndi yodula kwambiri. N'cifukwa cake anthu amadzutsa zakale. Toyota Hilux inayamba kupangidwa ku Japan mu 1968. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inatuluka mu 1984. Kapikapu kakang'ono ka Nissan 1400 kankapangidwa ku South Africa mpaka mu 2008. Galimoto zakalezi zili ndi ubwino wake. Zilibe kompyuta yolamula injini. Makaniko wa pansi pa mtengo amatha kuzimasula ndi masipanala wamba. Masipeya ake amapezekanso, atsopano ndi ogwirapo kale nchito.

Yambani ndi zosaoneka, penti ibwere pomaliza

Anthu ambiri akapeza ndalama amathamangira penti, kuti anansi aone. Kumeneko n'kuvala jekete usanasambe. Dongosolo labwino ndi ili:

1. Mapepala. Tengani livrete. Werengani nambala ya chasisi imene yalembedwamo, kenako kaiwerengeni pa galimotopo. Zilembo ndi manambala zifanane cimodzicimodzi. Ngati mwasintha injini, kafunseni ku ofesi yoona za magalimoto kuti akonze mapepala.

2. Chasisi. Iyi ndi mitanda ikuluikulu ya citsulo imene imanyamula galimoto yonse. Ndiyo mafupa ake. Igogodeni ndi hamala. Citsulo cabwino cimalira mokweza. Codyedwa ndi dzimbiri cimalira mogontha ndipo cimayoyoka.

3. Mabuleki ndi ciwongolero. Galimoto yosayenda siipha munthu, koma yosaima imapha. Sinthani mafuta a mabuleki onse, cifukwa akakhalitsa amamwa madzi. Sinthaninso timapaipi ta labala tong'aluka.

4. Masipuling'i. Onani ngati palibe lothyoka kapena lofooka. Mudzaona kutsogoloku kuti masipuling'i amakhudza shafti.

5. Injini ndi giyabokosi. Khuthulani oilo wakale ndi mafuta otsalira m'thanki. Ikani mafyuluta atsopano.

6. Matayala. Pambali pa tayala pali mawu akuti DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala 4. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi caka. Mwacitsanzo, 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya caka ca 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mizere yake ikuonekabe.

7. Magetsi, bodi ndi penti.

Shafti imabwera pakati pa zonsezi. Siingayezedwe giyabokosi isanamangidwe pa malo ake, komanso masipuling'i asanakonzedwe.

Mphamvu imayenda bwanji?

Mu pikapu, injini ili kutsogolo koma mawilo okankha ali kumbuyo. Ndiye mphamvu imafika bwanji kumbuyoko? Imacoka mu injini n'kudutsa pa kilachi. Pa kilachi imalowa m'giyabokosi. Kucoka m'giyabokosi imayenda ndi shafti mpaka ku difu. Difu ndi cimutu cozungulira cija cimene cili pakati pa mawilo a kumbuyo. Iyo ndiyo imagawa mphamvu ku wilo la kumanja ndi la kumanzere.

Vuto ndi lakuti giyabokosi inamangidwa ku chasisi, pamene difu imakwera ndi kutsika pamodzi ndi mawilo. Galimoto ikalowa m'dzenje, difu imasuntha. Mukakweza katundu, chasisi imatsika. Motero shafti iyenera kuzungulira, kupindika pa mfundo zake, kutalika ndi kufupika, zonsezi pa nthawi imodzi.

Ziwalo za shafti

Paipi. Shafti ndi yamphako ngati nsungwi. Citsulo camphako cimapepuka koma cimalimba pocipotokola. Si paipi ya madzi ayi. Ndi paipi yopangidwira nchito imeneyi, yowongoka ndi yokhuthala mofanana mbali zonse.

Mphanda. Kumapeto kwa paipi, uku ndi uku, kuli citsulo ca makutu awiri cokhala ngati mphanda ya mtengo.

Kuruzeta. Ndi kamtanda kacitsulo ka manja anayi kamene kamalowa m'makutu a mphanda. Dzanja lililonse lili ndi kacipewa, ndipo m'kati mwake muli tizitsulo tating'ono ngati singano tosambira m'girizi. Kuruzeta imagwira nchito ngati mfundo ya dzanja lanu. Imalola shafti kupindika ikuzungulira. Dzina lija la kardani linacokera kwa Gerolamo Cardano, dokotala ndi katswiri wa masamu wa ku Italy, amene anabadwa mu 1501 n'kumwalira mu 1576.

Cotsetsereka. Apa pali zitsulo ziwiri za mano aataliatali, cina cimalowa m'cinzake ngati pampu ya njinga. Ndico cimalola shafti kutalika ndi kufupika. Pa galimoto zina cimalowa m'giyabokosi momwemo. Pa zina cili pa shafti penipeni.

Beringi ya pakati. Mapikapu ena aatali ali ndi shafti ya zigawo ziwiri. Pakati pake pali beringi yokutidwa ndi labala, yomangidwa ku chasisi. Anacita dala. Paipi imodzi ikatalika kwambiri imayamba kupindika yokha pa liwiro, ngati cingwe cimene ana amadumpha.

Tizitsulo ta sikelo. Pa paipi mudzaona tizidutswa ta citsulo towochereredwa. Musaticotse poganiza kuti ndi zigamba. Timeneto ndi timene timacititsa kuti shafti ilemere mofanana mbali zonse.

Shafti imazungulira kangati?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tayala la pikapu likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2. M'mapikapu ambiri, shafti imazungulira pafupifupi ka 4 kuti tayala lizungulire kamodzi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 1,333 pa mphindi imodzi. Gawani ndi 2, mupeza kuti tayala lazungulira koposa ka 660. Culukitsani ndi 4, mupeza kuti shafti yazungulira koposa ka 2,600 pa mphindi imodzi. Ndiye kuti mukanena mawu akuti "moni", shafti yazungulira kale ka 40.

Amene munaimapo m'cigayo mukudziwa. Hamala imodzi ya m'cigayo ikaduka, cigayo conse cimanjenjemera mpaka pansi. Shafti ndi cimodzimodzi. Ikapindika pang'ono, kapena ikalemera mbali imodzi, imagwedeza galimoto yonse. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yogwedezayo imawirikiza kanayi. N'cifukwa cake shafti yolakwika imaoneka yabwino m'mudzi, n'kukaonetsa khalidwe lake pa tala.

N'cifukwa ciyani munthu amafuna shafti yopangitsa?

Galimoto ikamacoka ku fakitale, shafti yake imakhala ya muyeso wake. Koma podzutsa pikapu yakale, nthawi zambiri timasakaniza ziwalo. Giyabokosi imacokera ku galimoto ina. Difu imacokera ku ina. Ena amaika injini ya dizilo pamene panali ya petulo. Ena amatalikitsa chasisi kuti bodi ikule. Mukacita cimodzi mwa izi, mtunda wa pakati pa giyabokosi ndi difu umasintha. Shafti yakale imakhala yaitali kapena yaifupi. Pamenepo mpamene pamafunika shafti yopangitsa, ya muyeso wa galimoto yanu yokha.

Shafti yaitali kwambiri imagunda m'giyabokosi galimoto ikalowa m'dzenje, ndipo imaswa mabering'i. Yaifupi kwambiri imangogwira ndi nsonga za mano, ndipo tsiku lina imasololoka n'kugwa.

Zimene zinaticitikira ife

Giyabokosi ya Hilux yathu inali itatheratu. Alamu anapeza ina ya magiya 5 kucokera ku galimoto imene inacita ngozi. Inalowa bwino, koma inali yaitali kuposa yakale. Shafti inakana kulowa.

Alamu anayeza ndi cingwe, galimoto ili pa jeki, mawilo a kumbuyo akulendewera. Tinanyamula shafti kupita nayo kwa mmisiri wina wowocherera mawindo ndi ngolo. Pa nchito yakeyo ndi katswiri, koma ya shafti sankaidziwa, ndipo ife sitinamufunse. Anaidula pakati, anacotsa kacidutswa, analumikiza poyang'ana ndi maso, n'kuwocherera. Tinalipira zocepa, tinabwerera tikusangalala.

M'misewu ya m'tauni inkayenda bwino. Titakwera pa tala, galasi loonera kumbuyo linayamba kunjenjemera. Mpando unkagwedezeka. Ndinati, "Alamu, kodi zimenezi zili bwino?" Iwo anati, "Musadandaule alamu, citsulo cikuzolowera."

Citsulo sicizolowera. Patapita masabata ocepa, alamu ananyamula mbatatesi kupita nazo ku Calómuè. Pamwamba pa matumba panakhala amayi awiri, eni katunduyo. Pa mtsetse wina panamveka kuphulika. Shafti inaduka pomwe anawochererapo. Cigawo ca kumbuyo cinagwa n'kuzika pa tala. Galimoto inadumpha n'kukhotera kuchire. Mbatatesi zinamwazika mumsewu. Mayi mmodzi anagwa n'kuthyoka dzanja. Titayang'ana pansi, tinapeza kuti citsulo cija cinang'amba paipi ya utsi, ndipo cinaphonya paipi ya mabuleki ndi zala ziwiri zokha.

Tinapita kwa makaniko wina wacikulire amene anapuma nchito. Anaona zidutswa zija n'kufunsa kuti, "Ana anga, munayeza ndi ciyani?"

"Ndi cingwe, bambo."

"Galimoto inali pansi kapena pa jeki?"

"Pa jeki, bambo."

Sanaseke. Anagoneka zidutswazo pa simenti n'kutionetsa zolakwa zitatu. Tinayeza molakwika. Tinadula pakati. Ndipo mphanda ziwiri zija sizinayang'ane mbali imodzi. Akulu anati safunsa anadya phula. Tsiku limenelo tinamva kukoma kwake.

Kayezedwe koyenera

Muyeso ndi nchito yanu, inu mwini galimoto. Mmisiri wa kutali adzapanga zimene mwamulembera. Tsatirani izi:

1. Malizani kaye kumanga injini, giyabokosi, difu ndi masipuling'i.

2. Imikani galimoto pa malo afulati, mawilo onse ali pansi, ikulemera monga mwa masiku onse. Pa jeki muyeso umasintha.

3. Gwiritsani nchito tepi yacitsulo. Cingwe cimatamuka.

4. Ngati giyabokosi ndi difu zonse zili ndi mbale zomangirapo maboliti, yezani kucokera pa nkhope ya mbale iyi kufika pa nkhope ya mbale inayo.

5. Ngati cotsetsereka cimalowa m'giyabokosi, cikankheni mpaka cigunde, kenako cikokeni masentimita 2 kapena 2 ndi theka. Mpata umenewu ndi wopumira. Mukatero yezani kucokera pakati pa kuruzeta ya kutsogolo kufika pakati pa malo a kuruzeta ya kumbuyo.

6. Yezani kawiri. Mnzanu ayezenso payekha. Manambala akasiyana, yambiraninso.

7. Lembani pa pepala m'mamilimita. Kumbukirani kuti sentimita imodzi ndi mamilimita 10, ndipo mita imodzi ndi mamilimita 1,000. Mwacitsanzo, mita imodzi ndi masentimita 28 ndi theka timalemba 1,285 mm.

8. Jambulani kacithunzi pa pepalapo, kusonyeza pamene mwayambira ndi pamene mwathera. Lembaninso mtundu wa galimoto ndi kumene giyabokosi inacokera.

Cenjerani ndi cinthu cimodzi. Amisiri ena, makamaka kutsidya kwa malire, amayeza ndi mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Nambala yopanda dzina la muyeso ndi msampha. Nthawi zonse lembani mm pambali pake.

Mphanda ziyang'ane mbali imodzi

Ici ndi cinthu cimene ambiri sacidziwa. Kuruzeta ikamagwira nchito mopindika, siipereka liwiro lofanana. Pa kuzungulira kumodzi, shafti imafulumira kawiri n'kucedwa kawiri. Katswiri wa ku England, Robert Hooke, anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1600. Mankhwala ake ndi kuruzeta yaciwiri. Imene ili kumbuyo imabweza zimene ya kutsogolo yasokoneza. Koma imatero pokhapokha zinthu ziwiri zili bwino.

Coyamba, makutu a mphanda ya kutsogolo ndi a mphanda ya kumbuyo akhale pa mzere umodzi. Gonekani shafti pansi, muiyang'ane m'litali ngati mukuyang'ana mzere wa m'munda. Ngati makutu a kuno aima ciriri, a uko aimenso ciriri. Lamuloli ndi la shafti ya paipi imodzi. Ya zigawo ziwiri muibwezere ndendende mmene a ku fakitale anaiikira.

Caciwiri, kupindika kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kukhale kofanana, ndiponso kocepa. Amisiri amakonda madigiri 1 mpaka 3. Masipuling'i ofooka, kapena owonjezeredwa kwambiri kuti galimoto ikwere, amasokoneza kupindika kumeneku. Labala zomangira injini ndi giyabokosi zikaphwanyika, zimasokonezanso.

Nchito ya mmisiri weniweni

Shafti siipangidwa ndi makina owocherera okha. Pamafunika makina ozunguliza citsulo n'kumacipala, amene amisiri amati torno. Kafunefuneni mmisiri wotere m'mizinda ikuluikulu, monga Tete, Lilongwe kapena Blantyre. Mmisiri wodziwa amacita motere.

Pofupikitsa, sadula pakati. Amapala cowocherera ca kumapeto, n'kucotsa mphanda. Amadula paipi mowongoka bwino. Amabwezera mphanda moikanikiza kuti ilowe mothina, makutu ali pa mzere. Asanawocherere amazunguliza shafti n'kuyeza ndi kawochi koyezera kupindika. Kupindikako kusafike milimita imodzi. Akawocherera amayezanso, cifukwa moto umakoka citsulo.

Potalikitsa, salumikiza kacidutswa. Amaika paipi yatsopano yathunthu.

Pomaliza, shafti imaikidwa pa makina a sikelo. Makinawo amaizunguliza n'kuonetsa mbali yopepuka, ndipo pamenepo amawochererapo kacitsulo.

Musacite manyazi kufunsa. Ndalama ndi zanu, ndipo moyo ndi wanu. Funsani kuti: Mudula pati? Muli ndi torno? Muyeza ndi ciyani kupindika? Makina a sikelo muli nawo, kapena mumatumiza kuti? Mmisiri wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Amene wayankha kuti "ife timangoona ndi maso", muthokozeni n'kupita kwina.

Ife tinapita ku Tete ndi pepala la muyeso ndi mphanda zathu. Tinaika paipi yatsopano ndi makuruzeta atsopano. Mtengo wake unali wokwera kuposa wa poyamba. Koma shafti yochipa ija inatidyera mbatatesi, paipi ya utsi, ndalama za cipatala, ndi ulemu wathu pamaso pa amayi aja.

Pomanga shafti, dzitetezeni

Musanalowe pansi pa galimoto, kumbukirani ici: shafti ikacotsedwa, giya siigwiranso mawilo. Galimoto ikhoza kuyenda yokha inu muli pansi. Kokani buleki ya dzanja. Chingani mawilo ndi mitengo kapena miyala, kutsogolo ndi kumbuyo. Musadalire jeki yokha. Musagwiritse nchito njerwa, zimaphwanyika mwadzidzidzi. Ikani zoimikira zacitsulo kapena zipika zolimba. Ana akhale kutali, ndipo makiyi akhale m'thumba mwanu.

Pocotsa shafti, lembani cizindikiro ndi penti pa mbale zonse ziwiri, kuti pobwezera zikumane pomwepo. Pukutani nkhope za mbale, pasakhale mcenga. Gwiritsani nchito maboliti ake enieni. Maboliti a shafti ndi olimba mwapadera, si ofanana ndi a pa citseko. Mangani mosinthanasinthana, ili kenako loyang'anana nalo. Ngati munasolola cotsetsereka m'giyabokosi, onani oilo, cifukwa amatayika.

Ndi nzeru kuika lamba wacitsulo wozungulira shafti, womangidwa ku chasisi, pafupifupi masentimita 15 kumbuyo kwa kuruzeta ya kutsogolo. Lambayo asakhudze shafti. Nchito yake ndi kuiwakha ikaduka, kuti isazike pansi. Ocita mipikisano ya magalimoto amaika lamba wotere.

Mukamaliza, yesani galimoto yopanda katundu ndi yopanda anthu kumbuyo. Yambani pang'onopang'ono, kenako onjezerani liwiro pa msewu wowongoka. Mukabwerako onaninso maboliti. Kuthamanga si kufika.

Shafti imacenjeza isanaduke

Mverani galimoto yanu. Imalankhula.

Ikamati "gu!" ponyamuka kapena posintha giya, kuruzeta kapena mano a cotsetsereka atha.

Ikamalira "tswi, tswi, tswi" poyenda pang'onopang'ono, kuruzeta yauma.

Ikamanjenjemera pansi pa mpando liwiro likakwera, mwina shafti yapindika, kacitsulo ka sikelo kagwa, kapena matope aumirira pa paipi. Matayala nawo amanjenjemeretsa, ndiye onani zonse.

Ikamang'ung'udza pakati, onani beringi ya pakati ndi labala yake.

Mukaona ufa wofiira ngati dothi la katondo pa tizipewa ta kuruzeta, m'katimo mulibe girizi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Zimitsani injini, chingani mawilo, cotsani giya. Gwirani shafti ndi manja awiri pafupi ndi kuruzeta, muigwedeze uku ndi uku. Pa kuruzeta pasamveke kuwereweta ngakhale pang'ono. Mukakumva, sinthani. Kuruzeta ndi yochipa poyerekeza ndi giyabokosi.

Ngati kuruzeta ili ndi kamlomo kothirira girizi, thirani nthawi iliyonse mukusintha oilo. Thiraninso mukawoloka mtsinje kapena mukayenda m'matope ambiri, cifukwa madzi amatsuka girizi. Kokolani udzu, zingwe ndi mapulasitiki okulungika pa shafti.

Katundu nayenso ali ndi malire. Pikapu ya tani imodzi imanyamula makilogalamu 1,000. Amenewo ndi matumba 20 a makilogalamu 50, popanda kuwerengera anthu. Tonse tikudziwa kuti matumba a mbatatesi a kuno amasokedwa ndi cisoti pamwamba, ndiye amalemera kuposa pamenepo. Mukapyola muyeso, masipuling'i amagona, shafti imapindika kwambiri, kuruzeta imatentha, mabuleki nawo amalephera. Maulendo awiri ndi ochipa kuposa ngozi imodzi.

Hilux ya apongozi ija lero ikuyenda. Penti tinapaka pomalizira penipeni. M'bokosi la kutsogolo, pamodzi ndi livrete, muli kapepala ka muyeso wa shafti ndi tsiku limene tinathira girizi. Mayi anathyoka dzanja uja anacira, ndipo amakwerabe. Koma asanakwere amafunsa kuti, "Acimwene, pansipo mwaonapo?" Alamu amagwada n'kuyang'ana, ndipo sadandaula.

Mawu ofunika kuwakumbukira

Shafti: paipi yacitsulo yopereka mphamvu kucokera ku giyabokosi kupita ku difu.

Difu: cimutu cogawa mphamvu ku mawilo awiri.

Kuruzeta: kamtanda kolola shafti kupindika ikuzungulira.

Chasisi: mitanda yacitsulo yonyamula galimoto yonse.

Torno: makina ozunguliza citsulo n'kumacipala.

Milimita: kagawo kamodzi mwa magawo 10 a sentimita.

Mafunso okambirana pa gulu

1. N'cifukwa ciyani shafti iyenera kuyezedwa galimoto ili pansi, osati pa jeki?

2. Chulani zolakwa zitatu zimene makaniko wacikulire uja anapeza.

3. Lembani m'mamilimita: mita imodzi ndi masentimita 32.

4. Tayala lalembedwa 4521. Linapangidwa sabata iti, caka citi?

5. Pikapu ya tani imodzi yanyamula anthu 4, aliyense wolemera makilogalamu 60. Patsala malo a matumba angati a makilogalamu 50?

6. Mwakwera pikapu ya matola ndipo mukumva ikunjenjemera kwambiri pansi. Mungamuuze ciyani dalaivala, ndipo mungamuuze motani?